Ndinakaulula Uchidakwa Pamsonkhano wa Eni Ake

Anzanga a ku gulu la osiya mowa amandikakamiza kufotokoza nkhaniyi nthawi iliyonse kukabwera munthu watsopano, akuti imamasula anthu amanyazi, ndiye ndati ndingoilemba kuti pakamwa panga papumeko. Mukafuna kuseka sekani, ine ndinayamba kale kudziseka.

Dzina langa ndine Dayitoni, ndimakhoma ndowa ndi mbaula, ndipo ndine mkamwini kwa Chiwalo. Mowa ndinaumwa zaka makumi awiri. Sindinali womwa wa pa Khirisimasi ayi, ndinali chidakwa chenicheni, chofika pamowa mwini wake asanasese pabwalo. Matipate itabwera tinauzidwa kuti tsopano ndi ufulu, anzanga ena anatsegula magolosale, ena anayamba geni ya nandolo, ine ufulu wanga wonse unadutsa pakhosi. Kachasu ndiye anali mnzanga wa pamtima, masese ndinkangomwa pomudikira.

Mkazi wanga, amake Esinati, ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo anapirira mpaka madzi anafika m'khosi. Chaka china titangokolola, anaitanitsa ankhoswe. Mlongo wake sanazungulire. Anati, "Alamu, pamudzi pano munabwera ndi khasu ndi bulangete. Mukadzalowanso m'nyumba ya mlongo wanga mukununkha mowa, khasu ndi bulangetelo mudzazipeza panja." Amene mumadziwa chikamwini mukumvetsa. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la akazi, ana nawonso ndi a kuchikazi. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndikanapita kuti? Kwathu mayi anamwalira kale, alongo anga ali ndi amuna awo. Ndinachita mantha enieni, ndipo koposa nyumba ndinkaopa kutaya mkazi ameneyu, amene ndinkamukonda ngakhale zochita zanga zinkanena zina.

Ndinasiya. Masiku oyamba ndinkatuluka thukuta ndili pamthunzi, manja akunjenjemera, hamala ikuphonya chitsulo n'kumapeza chala. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinadziwa kuti ndekha sindifika patali. Kunali mlangizi wa zaumoyo amene ankabwera kudzapanga sikelo ya ana pasukulu, ndiye ndinamudikira mpaka amayi onse atabalalika, n'kumuyandikira ngati wakuba.

"Alangizi, ndili ndi mnzanga wina, mowa wamuvuta. Kodi alipo mankhwala?"

Anandiyang'ana m'manja. "Mnzanuyo amanjenjemera ngati inuyo?"

"Kuposa apa," ndinatero, n'kubisa manja m'thumba.

Munthu uja anali ndi chifundo, sanandiseke. Anati mankhwala iye alibe, koma ku Boma kuli kagulu ka anthu osiya mowa amene amathandizana okhaokha. Palibe dokotala, palibe cholipira, amangokhala pansi n'kumauzana zoona. Amakumana Lachitatu lililonse teni koloko m'mawa, kuseri kwa tchalitchi cha njerwa zootcha chimene chili pafupi ndi chigayo. "Mnzanuyo akakafika akafunse a..." Asanatchule dzina, mayi wina wa pamudzi pathu anatulukira, ataiwala khadi la mwana. Ine pompo ndinakweza mawu n'kuyamba kufunsa za kakumbidwe ka chimbudzi, kenako ndinatsanzika mwaulemu n'kuthawa. Dzina la munthu wokamufunsa ndinalisiya m'kamwa mwa mlangizi.

Mkazi wanga sindinamuuze. Ndikanamuuza chiyani? Ndinali nditalumbira kale pa Baibulo, pa manda a mayi anga, pa mutu wa mwana, malonjezo anga anali atasukuluka m'nyumba imeneyo. Lachitatu m'mamawa ndinati ndikupita ku Boma kukagula malata okhomera ndowa. Ndinatulutsa jekete langa la ukwati pansi pa sutikesi, n'kuvala ndi tayi yemwe. Mukudziwa chifukwa chake? Ndinkafuna kuti zidakwa zinzanga zikandione ngati munthu amene vuto lake ndi laling'ono. Tangoganizani, kukadzitukumula pakati pa anthu odwala nthenda imodzi.

Amake Esinati anayang'ana jekete lija, anayang'ana tayi.

"Malata masiku ano akugulitsa kwa ovala jekete okha?"

Ndinayamba kupopa njinga imene inali yopopa kale.

"Ngati ndi kumowa, musavutike kubwerera," anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa konse kwa mlongo wake, chifukwa munalibe mkwiyo, munali kutopa kokhakokha.

Njira ya ku Boma imadutsa pakhomo pa mayi amene ankatitchezera kachasu, ndipo anzanga atatu anali atafika kale kudzachotsa matsire. Atandiona ndi tayi anaimirira pakati pa msewu. Fungo lija litandipeza, malovu anadzadza m'kamwa, miyendo inayamba kukambirana zoima. Ndinadziwa kuti ndikatsika pa njinga zatha.

"A Dayitoni, masiku onsewa mwabisala kuti? Nanga tayiyu?"

"Ndikupita kumaliro."

"A ndani?"

"Malume anga."

"Aja tinali nawo pamsika dzanawa?"

"Omwewo. Zachitika mwadzidzidzi."

Anthu aja anavula zipewa, mmodzi anayamba kufunafuna nsapato zake kuti andiperekeze. Ndinapalasa njinga ngati ndaba nkhuku. Malumewo ali moyo mpaka lero, ndipo tikakumana amandifunsa ngati mwambo wa maliro awo unayenda bwino.

Tcheni chinaduka kawiri panjira, ndinafika ku Boma dzuwa litakwera, manja ali bii ndi girizi. Tchalitchi ndinachipeza, chigayo chili pambali pake chikulira. Munthu wanzeru akanafunsa. Koma ndifunse kuti chiyani, kuti zidakwa zimakumana pati? Ndinazungulira tchalitchi chija katatu ndikukankha njinga, nkhope ndaiika ngati ya munthu woyendera zomangamanga. Zaka zimenezo mtengo uliwonse wa mthunzi unali ndi msonkhano wake, wina wa kalabu ya feteleza, wina wa komiti ya mjigo, wina wa chipani. Koma kuseri kwa tchalitchi kunali mtengo umodzi wokha wa mango, ndipo pansi pake panali anthu ngati makumi awiri, abambo pa mabenchi, amayi pa mphasa, onse nkhope zili zolemera. Mumtima ndinati basi ndafika, ndipo ndinalimba mtima poona kuti tilipo ambiri chonchi.

Ndikuuzeni pompano chimene ine sindinkadziwa. Anthu aja anabwera kudzalembetsa ukwati. Banja la mtsikana linachokera cha ku Fort Lister, la mnyamata linachokera kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo kupatula ankhoswe awiri ndi eni ukwatiwo, mabanja awiriwa ankaonana koyamba tsiku lomwelo. Abusa anali ataitanidwa kuchipatala kukapempherera wodwala, ndiye zokambirana ankatsogolera mkulu wa mpingo, amenenso sankadziwa aliyense. Tsono kwathu kuno mlendo safunsidwa chimene wadzera asanakhale pansi ndi kulonjeredwa, makamaka mlendo wa imvi wovala jekete. A kuchikazi atandiona anati awa ndi malume aakulu a mnyamata, achedwa chifukwa cha mtunda. A kuchimuna anati awa ndiye mwini mbumba wa mtsikana. Aliyense anaopa kufunsa kuti angaoneke wamwano kwa apongozi atsopano.

Mayi wina anadzuka msangamsanga n'kundikokera mpando umene anasungira abusa, wokhala ndi khushoni. Zokambirana zinaima. Anthu anayamba kundilonjera mmodzimmodzi, amayi atagwada, abambo akuwomba m'manja, agogo ena m'Chilomwe chozama. Ine ndinkayankha misozi ili pafupi. Zaka zonse zimene ndinkamwa palibe anandipatsapo mpando, ankandipatsa njira kuti ndidutse. Ndinati mumtima, mlangizi uja sananame, anthu awa ndi achikondi.

Ndinayamba kuwayang'ana bwinobwino anzanga atsopanowa. Agogo aja ndinawamvera chisoni kuti mowa wawafikitsa ku ukalamba. Amayi ena onenepa, ovala chitenje chatsopano, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi azakhali a mtsikana, ndinawaweruza kuti awa ndi a masese. Koma amene anandikhudza mtima anali awiri okhala patsogolo, mnyamata wa malaya oyera ndi mtsikana wa duku, onse ataweramitsa mitu, osayang'ana munthu. Manyazi amenewo ndinkawadziwa bwino. Ndinatambasula dzanja n'kumusisita mnyamata uja paphewa, ndikunong'ona kuti, "Limba mtima mwana wanga, wachita bwino kubwera udakali wamng'ono." Iye anati zikomo. Pamalaya ake oyera panatsala zala zanga zisanu za girizi.

Kenako kunabwera thobwa m'ndowa, kapu yoyamba n'kupatsa ine wa pampando. Apa ndinachenjera. Ndinaganiza kuti awa ndi mayeso, akufuna aone ngati ndatsimikizadi. Ndinainunkhiza kapu ija kawiri, ndinaipendeketsa padzuwa, ndinalawa ndi nsonga ya lilime, anthu onse akundiyang'ana.

"Mayi, thobwali lagona masiku angati? Silinayambe kuwira?"

Azakhali aja, amene anaphika thobwalo ndi manja awo, anayankha mano ali pamodzi. "Ndaphika dzulo, bambo."

"Chabwino, poti enafe tikangolawa lowawasa, zimathera kwina."

Ndinaona amayi a kuchikazi akugwedezana ndi zigongono, koma ndinati ndi mmene amachitira pogwirizana ndi mfundo. Pomwa, manja anandipereka, theka la thobwa linatsikira pa tayi.

Mkulu wa mpingo anakhosomola n'kupitiriza pamene anasiyira. "Tsopano tafika pofunika. Pano tisabisane kanthu. Ngati wina akudziwa chinthu chimene chingadzativute kutsogolo, kaya ndi khalidwe, kaya ndi zakale zimene sizinathe, anene lero, mawa tisadzati sitinauzidwe."

Amene munakhalapo polembetsa ukwati mukudziwa kuti funso limeneli siliyankhidwa. Anthu amangokhala chete pang'ono, kenako nkhani imapitirira. Ine chete ameneyo ndinamumva ngati manyazi a anthu osowa woyamba. Ndipo mkulu uja, pofuna kulemekeza jekete, anatembenukira kwa ine. "Kapena bambo athu muli ndi mawu, poti akulu ndiwo amayamba?"

Ndinaganiza za ulendo wonse umene ndinapalasa, ndinaganiza za mkazi wanga akulankhula osandiyang'ana. Ndinati ndikapanda kunena lero sindidzanenanso. Ndinaimirira, ndinavula chipewa.

"Ine ndine Dayitoni, wa kwa Chiwalo, mwamuna wa amake Esinati. Ndine chidakwa. Ndamwa zaka makumi awiri, ndipo kubanja kwathu si ine woyamba, bambo anga anafa ndi mowa womwewu."

Panali zii. Ndinaona ngati akundipatsa mpata, ndiye ndinamasuka. Ndinanena za thumba la nandolo la mkazi wanga limene ndinalitulutsa iye ali kumunda, n'kunamizira akuba. Ndinanena za tsiku limene ndinagona m'ngalande ana a sukulu n'kumandilumpha. Ndinanena kuti ndinavinapo pamaliro a mfumu. Chilichonse chimene ndinkatulutsa, m'chifuwa munkapepuka, ndiye ndinapitirira mpaka ndinafika pa chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu.

"Mwana wanga Esinati ali ndi zaka zinayi anadwala malungo mpaka kukomoka. Inali nthawi ya mvula. Mkazi wanga anatuma uthenga pamowa kuti ndibwere ndi njinga. Ine ndinati ndikubwera, ndimalize kaye botolo ili. Njinga inatsamira pamtengo tsiku lonse. Mkazi wanga anabereka mwana kumbuyo n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala. Mwanayo anachira, pano ali sitandade sikisi. Koma zaka zisanu ndi zitatu zapita, sindinapepesepo. Ndimachita manyazi ngakhale kumuyang'ana mwanayo akamaseka. Ndasiya masiku khumi apitawa, ndipo ndikuopa kuti ndekha sinditha. Ndithandizeni, abale anga."

Ndinalira, osati kulira kwa mwamuna kobisa nkhope, kulira kwa mamina. Nditakhala pansi ndinadikira kuti wina anene mawu olimbikitsa.

Amene anayamba kulankhula anali azakhali a thobwa aja. Anadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Felesiya, dzuka tizipita. Mwana wathu sangalowe m'banja lotere. Ngati malume ali chonchi, ndipo akuti ndi za kumtundu, mphwawo adzakhala wotani?"

Nkhoswe ya mnyamata inadzuka nayo. "Malume a ndani? Bambowa si anu?"

"Athu? Ife tawaona lero. Si inu munawagwira chanza ndi manja awiri?"

"Mpando anawapatsa ndi mayi a kwanu."

"Nanga mwana wanuyo sanamusisite paphewa? Onani chidindo chili pamalayapo."

Mtsikana uja anayamba kulira, mnyamata akulumbira kuti chibadwire sanandionepo ndipo mowa saudziwa kukoma kwake. Mawu akuti ukwati, ankhoswe, apongozi anayamba kuuluka pamwamba panga, ndipo pang'onopang'ono zinthu zinayamba kulowa m'mutu mwanga. Ndinayang'ana duku la mtsikana, ndinayang'ana buku lalikulu limene linali pamiyendo pa mkulu wa mpingo. Kuyang'ana kumwamba kunatalika, pansi panalimba.

Mkulu wa mpingo anakweza dzanja. "Bambo, tikhululukireni, kodi inu mwabwera ndi ndani?"

"Ndabwera ndekha, pa njinga."

"Ndikutanthauza kuti ndinu a kuchimuna kapena a kuchikazi?"

Mbali iyi inkati si wathu, mbali iyo inkati si wathu, aliyense akusuntha benchi kuti atalikirane nane. Anthu anandikanapo m'moyo, koma kukanidwa ndi mabanja awiri nthawi imodzi, pamaso pa mkulu wa mpingo, tayi ali chonyowa ndi thobwa, kunali koyamba. Ndinaima pakati pawo chipewa chili m'manja, ndipo kunena zoona, chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi botolo. Ndinadziwa kuti ndikachoka pamenepo ndekha, njinga ikaima yokha pakhomo pa mayi a kachasu aja.

"Awa ndi athu."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Pakhoma la tchalitchi panali kachipinda kosungira mabenchi othyoka ndi makasu, kamene ndinakadutsa katatu konse osakayang'ana. Pakhomo pake panaima bambo wina wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anayenda mosafulumira, anandigwira dzanja la girizi lomwelo, n'kutembenukira kwa anthu aja.

"Pepani makolo, mlendoyu ndi wathu, anangophonya khomo. Ana awa alibe mlandu, pitirizani mwambo wanu."

Sindikudziwa ngati ndingakufotokozereni mmene mawu atatu aja anandikhalira. Munthu wosandidziwa, atamva zonyansa zanga zonse, ananditenga pamaso pa anthu n'kunena kuti ndine wawo.

Bamboyo anali a Mulinde, mphunzitsi amene ntchito inamuthera chifukwa cha mowa, ndipo ndi dzina lawo limene mlangizi ankafuna kunditchulira. M'kachipindamo munali anthu ena anayi, atakhala pa mabenchi othyoka, ndipo onse anali akupukuta misozi, ina ya kuseka ina ya chisoni. Zenera linali lotsegula, loyang'ana kumtengo wa mango.

"Khalani pansi achimwene," anatero mayi wina wa mpango wofiira, amene kale ankatcheza kachasu n'kumamwa yekha phindu lake. "Musavutike kudzifotokoza, tamva zonse. Ife tinakudziwani muli pa nandolo paja kuti uyu ndi wathu. Ndinati tikamutenge msanga, a Mulinde anakana."

"Ndinati musiyeni amalize," anatero a Mulinde. "Munthu akayamba kusanza sumugwira pakamwa. Mukanaima pakati, mwina simukanadzayambanso."

Anandiuza mmene amachitira. Amakumana m'chipinda, osati pabwalo, chifukwa zonenedwa mmenemo zimathera momwemo. "Koma zanuzi, achimwene, mwaziyanika nokha, sitingathe kuzibisa," anatero mayi aja, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinaseka. Anati iwo salumbira za chaka kapena za moyo wonse, amangokana mowa wa tsiku limenelo, wa mawa amakaukana mawa. Aliyense ananena zake, ndipo ndinapeza kuti ngalande imene ndinagonamo ine inali yosaya poyerekeza ndi za ena. Potuluka ndinakapepesa kwa mabanja aja. Ukwati unalembedwa, ndipo patapita miyezi iwiri ndinawatumizira ndowa yatsopano ngati mphatso. Azakhali okha ndi amene sanandikhululukire za thobwa.

Pobwerera ndinadzera njira yozungulira kuti ndisadutse pamowa paja, ndiye ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinkaganiza kuti zonse zatsala ku Boma. Ndinaiwala kuti pamtengo paja ndinatchula dzina langa, mudzi wanga ndi dzina la mkazi wanga, ndipo pachigayo panali wa kabaza wina wa kwathu akudikira ufa wa kasitomala. Nditafika pamjigo amayi anasiya kupopa, wina anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Ndinadziwa kuti nkhani yandipitirira panjira.

Amake Esinati ndinawapeza pakhonde akusola nandolo m'lichero. Ndinatsamiritsa njinga, ndinaima ngati mwana wa sukulu wochedwa.

"Malata ali kuti?"

"Sindinagule."

"Ndamva." Anapitiriza kusola. "Akuti munatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa eni ake."

"Unalembedwa."

"Akuti munanditchula dzina."

"Eya."

"Akuti munalira."

"Pang'ono."

"Amene anandiuza sanati pang'ono."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi. "Bambo a Esinati, zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikudikira mawu amenewo. Inu mwapalasa njinga mtunda wonsewo kukawapereka kwa anthu osakudziwani. Tsono ine, mwini wake, ndizimve kwa a kabaza?"

Anasuntha pamphasa n'kundisiyira malo. "Khalani apa. Yambani pachiyambi, musadumphe."

Ndikuuzeni, kulankhula kwa anthu makumi awiri achilendo kunali kosavuta. Apa mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati ndikuzula chitsa. Ndinanena za nandolo, iye anati ankadziwa, akuba sabweza thumba lopanda kanthu pamalo pake. Nditafika pa tsiku la malungo, manja ake anasiya kusola. Ndinati pepani, amake Esinati, ndinakulakwirani inu ndi mwana. Kenako anandiuza chimene sindinkadziwa. Anati tsiku limenelo mtsinje unali utadzadza, anawoloka madzi ali m'chiuno, mwana atamunyamula paphewa.

"Koma chimene chinandipweteka si madzi ayi," anatero. "Njira yonse ndinkacheuka. Ndikamva belu la njinga kumbuyo ndinkati ndi inu."

Tinalira tonse awiri pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, nkhuku zikudya nandolo m'lichero popanda woziingitsa. Sanandiuze kuti wandikhululukira, ndipo sindinamufunse. Anangopukuta nkhope ndi chitenje, anayang'ana tayi wanga wa thobwa n'kupukusa mutu.

"Lachitatu likubwerali ndipita nanu, ndikakusiyeni pakhomo penipeni. Inu mukapitanso nokha mukaulula pamsonkhano wa chipani, pa chimkuzamawu."

Anapitadi, atakhala chammbali pa kaliyala ya njinga, ndipo anandigwira dzanja mpaka kundipereka kwa a Mulinde ngati mwana woyamba sukulu. Anachita zimenezo miyezi itatu. Pano zaka zisanu ndi ziwiri zakwana ndisanalawe, ndikadali mkamwini pamudzi pomwepo, ndipo Esinati ndimatha kumuyang'ana akamaseka. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanafunsa njira tsiku lija, ndikanalowa khomo loyenera, n'kunong'oneza anthu asanu zonse zija, chitseko chili chotseka, ndipo mkazi wanga akanakhala akudikirabe mpaka lero.

Komabe musanditsanzire, safunsa anadya phula. Ine masiku ano ndikafika pagulu, kaya andikokere mpando wa khushoni, kaya andigwadire, sindikhala pansi ndisanafunse kuti pano nkhani ndi yanji ndipo eni ake ndani. Ndipo wina akati akulu ndiwo amayamba, ndimayang'ana kaye kwa amake Esinati.